Kulemba code osagwira mausi: mabatani oyamba kuzolowera mu VS Code

Mu Okutobala ndi Novembala, kutentha kukadutsa madigiri 40 ku Ngabu kapena ku Nchalo, chikhatho chimanyowa thukuta ndipo touchpad ya laputopu imayamba makani. Mukufuna kusankha mzere umodzi, iyo yakusankhirani itatu. Mukutayipa, chikhatho chakhudza pang'ono, cursor, kamzere kophethira kosonyeza pomwe mukulemba, yadumphira kwina, zilembo zanu zakalowa pakati pa mzere womwe unali bwinobwino. M'kalata wamba cholakwika chotere wowerenga amachidumpha. Mu code, chilembo chimodzi chosochera chimaimitsa pulogalamu yonse, ndipo mumatha theka la ola mukuchisaka.

N'chifukwa chake aliyense amene wayamba kuphunzira kulemba mapulogalamu kuno kuchigwa cha Shire ndimamulimbikitsa kuzolowera ma shortcut, njira zachidule zogwirira ntchito ndi mabatani a kiyibodi, msanga, manja asanazolowere kuthamangira ku mausi. Pepala lomwe eni ake a VS Code, pulogalamu yolemberamo code, adakonza lili ndi ma shortcut ambirimbiri, ndipo ambiri akaliona amafuna kuliloweza lonse tsiku limodzi, mawa lake aiwala. Musatero. Tengani gulu limodzi la mabatani, ligwiritseni ntchito mpaka zala zizidina zokha, kenako muonjezere lina. Wopalasa bwato ku Chiromo sayang'ana nkhafi, maso ake amakhala pamadzi. Ndi pomwe tikufuna manja anu afike, maso akhale pa code.

Konzekerani musanayambe

Ndilongosola za Visual Studio Code, yomwe anthu amangoti VS Code, pa Windows. Idapangidwa ndi Microsoft, idatuluka mu 2015 ndipo ndi yaulere. Fayilo yoikira imafika cha m'ma 100 MB, choncho ngati bandulo ndi yochepa, mmodzi atsitse, ena mutenge pa flash. Ngati laputopu yanu ikadali pa Windows 7, VS Code yatsopano siyenda, yomaliza kuyenda pamenepo ndi 1.70 ya mu 2022. Pamakina okalamba chotere ndi bwino kuika Notepad++, yomwe ndi yopepuka kwambiri, ndipo ndaikambapo kumunsiku. Amene ali ndi Mac, malo ambiri omwe ndalemba Ctrl adine Cmd, ngakhale mabatani ena amasiyana.

Yang'anani kiyibodi yanu bwinobwino. Malaputopu ambiri omwe timagula ndi akaunjika, adachokera m'maiko osiyanasiyana, ndipo mabatani sakhala malo amodzi. Pezani awa: Ctrl, Shift, Alt, Esc, Tab, Home, End ndi mivi inayi. Pa malaputopu ang'onoang'ono Home ndi End alibe batani lawolawo, adalembedwa ting'onoting'ono pa muvi wakumanzere ndi wakumanja, ndipo mumawapeza pogwira Fn. Pa ena ali pa manambala akumanja, Home pa 7, End pa 1, koma amagwira ntchito Num Lock ikakhala yozimitsa.

Kadinidwe kake n'kofunika. Ndikalemba Ctrl+S, gwirani Ctrl kaye osausiya, gogodani S kamodzi, kenako siyani onse. Musayese kuwamenya nthawi imodzi. Ctrl wakumanzere ndi wa kachala kakang'ono, Alt ndi wa chala chachikulu, ndipo zala za mkombaphala zipume pa F ndi J, pomwe pali tizotupa tomwe mumatimva osayang'ana.

Tsopano dinani Ctrl+N, mulembe code iyi ya m'chilankhulo cha Python ndi manja anu, musakope kwina:

```
madera = [
    "Ngabu",
    "Thabwa",
    "Marka",
    "Nchalo",
    "Nsanje",
    "Dyeratu",
    "Bangula",
]

matumba = 40
kulemera = 50

for dera in madera:
    print("Tafika pa", dera)
    print(dera, "walandira", matumba * kulemera)
```

Manambalawo ndi ongoyeserera. Mukatha, zulani mausi muikemo mu drowa. Ngati mulibe mausi, zimitsani touchpad mu Settings, kapena ikanipo kapepala kuti chala chikapita chikumbutsidwe.

Gawo loyamba: Ctrl+S ndi Ctrl+Z

Dinani Ctrl+S, fayiloyo muitche madera.py. Ili ndiye batani loyamba, ndipo kuno sitingalipeputse. Tonse tikukumbukira momwe namondwe Ana adaonongera damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yopitirira chaka. Ngakhale nyengo ili bwino, magetsi amathima osatsanzika, ndipo laputopu yakaunjika yomwe batire lake lidafa imazima nthawi yomweyo. Yang'anani pamwamba, pomwe palembedwa dzina la fayilo. Mukasintha kanthu, pambali pa dzinalo pamabwera kadontho kozungulira. Kadontho kameneko kakutanthauza kuti zomwe mukuona pa sikirini sizinafike pa disiki. Pali chifukwa chinanso: Python imawerenga fayilo yomwe ili pa disiki, osati zomwe zili pamaso panu. Ophunzira ambiri amakonza cholakwika, ayendetsa pulogalamu, cholakwika chomwecho chabweranso, amayamba kukayikira nzeru zawo, pomwe vuto n'loti sanaseve.

VS Code ili ndi Auto Save, pansi pa File, yomwe imaseva yokha pakangotha sekondi imodzi mutasiya kutayipa. Iyatseni. Komabe Ctrl+S musaisiye, chifukwa tsiku lina mudzakhala pa makina a munthu wina kapena mu pulogalamu ina yomwe siseva yokha.

Ctrl+Z imabweza zomwe mwangochita. Fufutani mzere wa "Marka" dala, dinani Ctrl+Z, wabwerera. Dinani kangapo muone ikubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono. Mukapitirira, Ctrl+Y imakubwezerani kutsogolo. Koma chenjerani: mukabwerera m'mbuyo kenako n'kutayipa chilembo ngakhale chimodzi, njira yakutsogolo ija yatsekeka, Ctrl+Y sichitanso kanthu. Munthu wodziwa Ctrl+Z saopa kuyesa zinthu, ndipo zonse zotsatirazi zimafuna kuyesa.

Ctrl+X kudula, Ctrl+C kukopa ndi Ctrl+V kumata ambiri mukuzidziwa kale kuchokera mu Word. Nzeru yodula ndi kumata pakompyuta idachokera kwa Larry Tesler ndi anzake ku Xerox PARC m'zaka za m'ma 1970, ndipo makompyuta a Apple, kuphatikizapo Macintosh ya mu 1984, ndiwo adazoloweretsa dziko zilembo za Z, X, C ndi V. Onani kuti zinayi zonse zandondozana pansi kumanzere, dzanja limodzi likwanitsa.

Gawo lachiwiri: kuyenda

Apa ndi pomwe pali phindu lalikulu, ngakhale sipaoneka pokoma. Nthawi yambiri wolemba code saitha polemba zatsopano ayi, amaitha popita pamalo pomwe akufuna kukonza. Amene amagogoda muvi kakhumi kuti afike kumapeto kwa mzere ndi amene amatopa n'kubwerera ku mausi.

Pitani pa mzere wa print woyamba uja. Dinani End, mwafika kumapeto. Dinani Home, cursor yaima pa p wa print, osati kumphepete kwenikweni, chifukwa VS Code ikudziwa kuti mipata yakutsogoloyo si yomwe mukufuna. Dinaninso Home, ndiye yafika kumphepete. Tsopano gwirani Ctrl, muzigogoda muvi wakumanja. M'malo moyenda chilembo chimodzichimodzi, ikudumpha liwu lonse: print, kenako zizindikiro za (", kenako Tafika, kenako pa. Ctrl ndi muvi wakumanzere ikubwerera chimodzimodzi. Ctrl+Home imakufikitsani pamwamba pa fayilo, Ctrl+End pansi penipeni.

Lamulo lake ndi ili: Ctrl imakulitsa sitepe. Ndipo limagwiranso pofufuta. Backspace imafufuta chilembo, Ctrl+Backspace imafufuta liwu lonse lakumbuyo. Delete imadya chilembo chakutsogolo, Ctrl+Delete liwu lonse lakutsogolo. Mukalakwitsa kulemba kulemera, musagogode Backspace kasanu n'katatu. Ctrl+Backspace kamodzi, lembaninso.

Khalani pagawo ili masiku angapo. Ambiri mwa mabatani amenewa amagwiranso mu Word, mu Excel polemba m'kabokosi, ndi pa WhatsApp ya pakompyuta, ndiye mwayi woyeserera ulipo tsiku lonse.

Gawo lachitatu: Shift

Chilichonse mwaphunzira pagawo lachiwiri, mukaonjezera Shift chimasanduka kusankha. Shift+End imasankha kuchoka pomwe muli mpaka kumapeto kwa mzere. Ctrl+Shift ndi muvi imasankha liwu ndi liwu. Shift ndi muvi wapansi imasankha mizere. Ctrl+A imasankha zonse. Yesani: imani kutsogolo kwa 40, dinani Shift+End, tayipani 65. Simufunika kufufuta kaye, chomwe chasankhidwa chimachoka chokha mukayamba kulemba.

Windows ili ndi kachizolowezi komwe kamadzidzimutsa oyamba kumene. Mukagogoda Shift kasanu motsatizana, kompyuta imalira n'kutulutsa kabokosi kofunsa za Sticky Keys. Palibe chaonongeka. Yankhani No.

Gawo lachinayi: kugwira mzere wonse

Apa ndi pomwe editor ya olemba mapulogalamu, monga VS Code, imasiyanirana ndi Word. Code imalembedwa mzere ndi mzere, ndiye pali mabatani ogwira mzere wathunthu popanda kuusankha. Cursor ingokhala paliponse pamzerepo, basi.

Mndandanda wathu uja ndidausokoneza dala. Tiukonze kuti utsate msewu wa M1 momwe minibasi imayendera ikatsika zitunda kuchokera ku Blantyre. Ikani cursor pa "Thabwa", gwirani Alt, gogodani muvi wam'mwamba kamodzi. Mzere wonse wakwera pamwamba pa Ngabu. Pitani pa "Dyeratu", Alt ndi muvi wam'mwamba mpaka akhale wachiwiri, pakuti ukawoloka mlatho wa Kamuzu pa Shire ndi pomwe umafika. Kenako Nchalo, Ngabu, Bangula, Nsanje. "Marka" mutsitseni ndi Alt ndi muvi wapansi mpaka kumapeto, kumalire ndi Mozambique. Mwasuntha mizere yonseyi osadula, osamata, osataya chizindikiro cha koma (,) ngakhale chimodzi. Mukasankha mizere ingapo kaye, yonse imasunthira limodzi.

Shift+Alt ndi muvi wapansi imaberekanso mzere womwe mwaimapo, wina pansi pake. Imathandiza kwambiri pamizere yofanana. Imani pa "Ngabu", iberekeni, sinthani wachiwiriyo akhale "Sorgin". Pa Linux batani ili limafuna Ctrl+Shift+Alt. Koma pa Windows pali msampha. Ngati makina anu ali ndi zilankhulo ziwiri za kiyibodi, monga Chingerezi cha ku UK ndi cha ku US, kugwira Alt ndi Shift n'kuwasiya musanagogode muvi kumasintha kiyibodi mwakachetechete. Mudzangoona kuti mukafuna " pakutuluka @, ndipo mu Python zimenezi zimapweteka chifukwa " ali paliponse. Kiyibodi sinafe. Dinani batani la Windows ndi Space kuti mubwerere, ndipo mukapeza mpata chotsani chilankhulo chomwe simuchifuna mu Settings.

Ctrl+Shift+K imafufuta mzere wonse. Ctrl+X, popanda kusankha kanthu, imadula mzere wonse n'kuusunga kuti mukaumate kwina, ndipo Ctrl+C imaukopa wonse chimodzimodzi. Kusiyana kwake n'koti Ctrl+Shift+K sikhudza zomwe mudakopa kale, choncho ngati mwasunga kanthu kofunika kuti mumate, fufutani ndi iyoyo. Ctrl+Enter imatsegula mzere watsopano pansi ngakhale cursor ili pakati pa mawu, osauthyola mzere womwe mulipo. Ctrl+Shift+Enter imatsegula pamwamba. Ctrl+L imasankha mzere wonse, ndipo kuidina kachiwiri kumaonjezera wotsatira.

Ndikadati ndisankhe batani limodzi loti munthu alione kuti akopeke ndi ma shortcut, ndikadasankha Alt ndi muvi. Amene waliona likugwira ntchito sabwereranso ku kudula ndi kumata mizere.

Gawo lachisanu: mipata ndi ma comment

Mu Python mipata yakutsogolo kwa mzere ndi gawo la chilankhulo, si zokongoletsa. Mizere iwiri ya print ija ili mkati mwa for chifukwa yalowa mipata inayi. Sankhani mizere iwiriyo ndi Shift ndi muvi, dinani Shift+Tab, yabwerera kumphepete. Mukayendetsa pulogalamu ili chonchi, Python idandaula kuti IndentationError. Dinani Tab ikadali yosankhidwa, yalowanso. Pa mzere umodzi, Ctrl+] imaulowetsa ndipo Ctrl+[ imautulutsa, posatengera pomwe cursor yaima.

Ctrl+/ imasandutsa mzere kukhala comment, kutanthauza kuti kompyuta iudumphe. Mu Python imaika # kutsogolo, mu JavaScript imaika //, mu HTML imakutira mzerewo ndi zizindikiro zake. Kuidinanso kumachotsa. Pofufuza cholakwika, m'malo mofufuta mzere womwe mukuukayikira, ugonekeni ndi Ctrl+/, yendetsani pulogalamu, muone ngati vuto latha. Ngati sizikugwira, onani kumanja pansi pa sikirini. Pakalembedwa Plain Text, ndiye kuti fayilo simunaiseve ndi .py, editor sikudziwa chilankhulo chomwe mukulemba.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: kusaka ndi kusintha mawu

Ctrl+F imatsegula kabokosi kosakira. Lembani matumba, Enter imakupititsani pa lotsatira, Shift+Enter pa lam'mbuyo, Esc imatseka kabokosiko n'kukusiyani pomwe mwapezapo. Ctrl+H ndi yosaka ndi kusintha. Lembani liwu lakale, Tab, liwu latsopano. Enter imasintha limodzi, Ctrl+Alt+Enter imasintha onse nthawi imodzi. Ine sindikonda kuti woyamba kumene azisintha onse asanawaone, chifukwa kompyuta imasintha ndi pomwe simumayembekezera.

Pali njira ina yomwe imakuonetsani chilichonse musanasinthe, ndiyo Ctrl+D. Tikufuna dera akhale msika. Ikani cursor pakati pa liwu dera pa mzere wa for, musasankhe kanthu. Dinani Ctrl+D, liwulo lasankhidwa. Dinaninso, dera wa pamzere wotsatira wasankhidwanso, ndipo tsopano ma cursor ndi awiri akuphethira limodzi. Kachitatu, atatu. Tayipani msika, malo atatu onse akusintha pamaso panu. Esc imakubwezerani ku cursor imodzi.

Tsopano bwezani ndi Ctrl+Z, tiyese molakwika dala kuti muone msampha. Sankhani dera yemweyo ndi manja, pogwiritsa ntchito Shift ndi muvi, kenako dinani Ctrl+D. Onani komwe yagwira: mkati mwa liwu madera, zilembo zinayi zomalizira. Mukatayipa msika pamenepo mupeza mamsika, dzina lomwe kulibe, ndipo Python ikuuzani NameError. Chifukwa chake n'chakuti mukayamba Ctrl+D musanasankhe kanthu, VS Code imasaka liwu lathunthu lokha, koma mukasankha nokha imasaka zilembozo paliponse zabisala. Ife amene timatcha zinthu mu code ndi maina a Chichewa tikumana nazo kawirikawiri, pakuti mawu athu ambiri amakhala ndi anzawo m'mimba: dera mu madera, gula mu Bangula. Ikagwira malo olakwika, Ctrl+U imachotsa kusankha komaliza. Kuti mudumphe limodzi n'kupitirira, dinani Ctrl+K, siyani, kenako Ctrl+D. M'kabokosi ka Ctrl+F ndi Ctrl+H, Alt+W imauza editor kuti isake mawu athunthu okha, Alt+C kuti isiyanitse zilembo zazikulu ndi zazing'ono.

Pulogalamu ikakula, kusintha dzina ndi bwino kuchite ndi F2, yomwe imamvetsa code n'kusintha dzinalo pokhapo pomwe likuimira chinthu chomwecho, ngakhale m'mafayilo ena. Mu JavaScript imagwira yokha, mu Python imafuna mutaika extension ya Python, kapulogalamu koonjezera mu VS Code. Pa malaputopu ambiri F2 payokha imachepetsa mawu kapena kuwala, ndiye gwirani Fn pamodzi nayo.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: kulemba mizere yambiri nthawi imodzi

Tinene mnzanu wakutumizirani maina ena pa WhatsApp, opanda zizindikiro zilizonse. Alembeni pansi pa fayilo, lililonse pamzere wake:

```
Tengani
Makhanga
Chiromo
Chapananga
```

Sankhani mizere inayiyo, dinani Shift+Alt+I. Cursor yaima kumapeto kwa mzere uliwonse. Tayipani " kenako chizindikiro cha koma (,). Dinani Home, ma cursor onse athamangira kutsogolo. Tayipani ". Esc. Maina anayi avala zizindikiro zawo kamodzi, ndipo akadakhala 200, monga mndandanda wa alimi a mu kalabu ya thonje, ntchito ikadakhala yomweyo. Asankheninso, muwakweze ndi Alt ndi muvi mpaka alowe m'mndandanda, muwalowetse mkati ndi Tab.

Palinso Ctrl+Alt ndi muvi wam'mwamba kapena wapansi, yoonjezera cursor pamzere woyandikana. Pa malaputopu ena akale okhala ndi graphics ya Intel, mabatani omwewa amatembenuza sikirini yonse dodolido. Zikakuchitikirani musathamangire kwa okonza pamsika, Ctrl+Alt ndi muvi wam'mwamba imaibweza.

Gawo lomaliza: mkombero wa tsiku ndi tsiku

Mabatani otsalawa amalumikiza kulemba ndi kuyendetsa pulogalamu. Ctrl ndi kachizindikiro ka ` komwe kali pansi pa Esc imatsegula terminal, malo olembamo malamulo oyendetsera pulogalamu, m'munsi mwa sikirini. Pa kiyibodi zina batanili limakhala kwina, ndiye ikakana tsegulani View pamwamba, pambali pa Terminal palembedwa batani loyenera makina anu. Lembani python madera.py, kapena py madera.py, dinani Enter. Pakakhala cholakwika, Python imatchula mzere, mwachitsanzo line 16. Dinani Ctrl+1 kubwerera mu code, Ctrl+G, lembani 16, Enter, mwafika. Konzani, Ctrl+S, bwererani mu terminal, gogodani muvi wam'mwamba kuti lamulo lija libwere lokha, Enter. Mkombero umenewu mudzauzungulira kambirimbiri patsiku, ndipo ndi pomwe mudzaone kuti dzanja silinachoke pa kiyibodi.

Mu terminal, Ctrl+C ili ndi ntchito ina: imaimitsa pulogalamu yomwe ikuyenda. Tsiku lomwe mudzalembe while yosatha, lamulo lobwereza chinthu mosalekeza, manambala akutsika osaleka ndipo fani ya laputopu ikulira m'kutentha kuno, ndi imeneyo idzakupulumutseni.

Mafayilo akachuluka, Ctrl+P imatsegula fayilo mukangolemba zilembo zochepa za dzina lake. Ctrl+Tab imakusinthitsani pakati pa omwe ali otsegula. Ctrl+W imatseka, Ctrl+Shift+T imatsegulanso yomwe mwangotseka mwangozi. Ctrl+B imabisa mndandanda wakumanzere, zomwe zimathandiza pa sikirini yaing'ono. Alt+Z imapinda mizere yaitali kuti ioneke yonse.

Ndipo mukaiwala zonsezi, kumbukirani Ctrl+Shift+P, kapena F1. Imatsegula kabokosi komwe mumalemba zomwe mukufuna m'Chingerezi, monga move line kapena comment, ndipo imakuonetsani lamulolo pamodzi ndi batani lake kumanja. Imagwira popanda intaneti. Nthawi iliyonse dzanja likanyamuka kupita ku mausi, liimitseni, funsani kabokosi kameneka, onani batani, tsekani ndi Esc, kenako dinani batanilo nokha. Zimachedwetsa sabata yoyamba, ndipo ntchito ikakhala yachangu palibe cholakwika kubwezeretsa mausi. Koma patulani theka la ola, makamaka m'mawa kusanatenthe, loti mausi ikhale mu drowa. Lembani mabatani atatu kapena anayi okha a sabata imeneyo pa kapepala, mumate pambali pa sikirini, akazolowereka muchotse mulembe ena.

Mukakhala pa editor ina

Mabatani a gawo loyamba mpaka lachitatu ndi ofanana pafupifupi paliponse pa Windows. Enawo amasiyana, ndipo ena amaluma. Mu Notepad++, yomwe Don Ho adaitulutsa mu 2003, Ctrl+D sisankha mawu, imabereka mzere. Ctrl+L sisankha mzere, imaudula, ndiye wochokera ku VS Code amangoona mzere wasowa. Kusuntha mzere ndi Ctrl+Shift ndi muvi, comment ndi Ctrl+Q. Ctrl+G, Ctrl+F ndi Ctrl+H ndi zomwezo.

Tsiku lina mudzalowa mu seva ya Linux momwe mulibe mausi n'komwe. Mukatsegula nano, malamulo ake alembedwa pansi pa sikirini, ndipo chizindikiro cha ^ chikuimira Ctrl. Kuseva ndi Ctrl+O kenako Enter, kutuluka ndi Ctrl+X, kudula mzere ndi Ctrl+K, kumata ndi Ctrl+U. Mukapezeka mu Vim, yomwe Bram Moolenaar adaitulutsa mu 1991 ndipo Git, pulogalamu yosunga mbiri ya kusintha kwa code, nthawi zambiri imaitsegula yokha pofuna uthenga wofotokoza zomwe mwasintha (commit), dinani i kuti mulembe, Esc mukatha, kenako :wq ndi Enter kuti museve n'kutuluka, kapena :q! kutuluka osaseva.

Batani likafa

Fumbi la m'chilimwe limalowa pansi pa mabatani, ndipo pa laputopu yakale si zachilendo kupeza End kapena Ctrl wakumanzere sakumvanso. Yambani mwazimitsa makina, kuwatembenuza, kuwagogoda pang'ono ndi kupukuta ndi kaburashi kouma. Likakanabe, VS Code imalola kusamutsa ntchito ya batanilo. Dinani Ctrl+K, siyani, kenako Ctrl+S. Patuluka mndandanda wa malamulo onse. Sakani lomwe mukufuna, mwachitsanzo cursorEnd, lisankheni, dinani Enter, gogodani mabatani atsopano omwe mwasankha, Enter kachiwiri. Ngati mabataniwo ali kale ndi ntchito ina, ikuuzani musanatsimikize, ndiye sankhani ena. Zomwe mwasinthazo zimasungidwa m'fayilo yotchedwa keybindings.json. Ikopereni pa flash pamodzi ndi code yanu, kuti mukadzasintha makina mudzangoibwezeretsa. Mabatani akafa ambiri, kiyibodi ya USB yoilumikiza pambali ndi yotsika mtengo kuposa kusinthitsa ya laputopu, ndipo imabwera ndi Home, End ndi mivi yaikulu, aliyense pamalo pake.